Khasu Lilingane ndi Munda: Kusankha Pulogalamu Yopangira Nyimbo pa Kompyuta

Miyezi itatu yapitayo kudabwera kunyumba kwanga mnyamata wina amene ndidamphunzitsa zaka zam'mbuyomu. Mnyamatayu adalemba mayeso a Fomu 4 nakhoza bwino ndithu, koma malo kusukulu zaukachenjede sadapezeke ndipo ntchito nayo idavuta. Mlongo wake amene ali ku Johannesburg adamtumizira laputopu yogwirapo kale ntchito, ndipo iye adatsimikiza mtima kuti chakudya chake chidzachokera m'nyimbo. Atatsegula makina akewo adandionetsa mapulogalamu asanu ndi awiri opangira nyimbo, onse opatsidwa ndi anzake pa fulashi. Ndidamfunsa kuti, "Nanga nyimbo zimene wamaliza zilipo zingati?" Iye adangowerama nayamba kukanda m'mutu. Chaka chidali pafupi kutha asadamalize ngakhale imodzi. Sabata ino ali pa pulogalamu iyi, sabata yamawa mnzake wamuuza kuti yabwino ndi ina. Akuluakulu adati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Vuto la mnyamatayu si lake yekha. Achinyamata ambiri amene atsiriza sukulu ali ndi luso la maimbidwe ndipo ena mwa iwo apeza kompyuta, koma akutaya nthawi ndi tindalama tawo tochepa chifukwa chosadziwa poyambira. Aphunzitsi nawonso, makamaka amene amatsogolera kwaya kapena kuphunzitsa magule, amafunsa kawirikawiri kuti pulogalamu yabwino kuposa zonse ndi iti. Funsoli lilibe yankho, monga momwe kulibe khasu limodzi loyenera munda uliwonse. Funso loyenera ndi lakuti: kodi ndikufuna kugwira ntchito yanji, ndipo makina amene ndili nawo ali ndi mphamvu zotani? Munthu akayankha zimenezi moona, kusankha sikuvutanso.

Kumene tachokera

Kale kujambula nyimbo idali ntchito ya anthu owerengeka. Pamene Hugh Tracey ankayendera dziko lino pakati pa 1950 ndi 1958 kujambula nyimbo za bangwe, za pamtondo ndi za magule, ankayenda ndi galimoto lonyamula makina olemera ndi matepi. Dziko litalandira ufulu mu 1964, oimba ambiri ankadalira situdiyo ya wayilesi ya MBC ku Blantyre. Gulu lonse linkaimba nthawi imodzi, ndipo woimba gitala akaphonya, onse ankayambiranso. Wofuna kuchotsa polakwika ankadula tepi ndi lezala ndi kuimatanso.

Zinthu zidayamba kusintha mu Januwale 1983, pamene pa chionetsero cha zoimbira ku California kiyibodi ya kampani ya Sequential Circuits ya ku America idalumikizidwa ndi chingwe ku kiyibodi ya kampani ya Roland ya ku Japan, ndipo ziwirizi zidamvana. Chiyankhulo chimene zidamvaniranacho chimatchedwa MIDI, ndipo amene adatsogolera ntchito yochikonza, Dave Smith ndi Ikutaro Kakehashi, adalandira mphotho ya Grammy mu 2013. Mu 1985 kudatuluka kompyuta ya Atari ST imene idali ndi polowetsera chingwe cha MIDI, ndipo mu 1989 kampani ya Steinberg ya ku Hamburg idaipangira pulogalamu yotchedwa Cubase. Pro Tools idabwera mu 1991, ndipo mu 1996 a Steinberg adatulutsa luso la VST, limene lidatsegula njira yoti zida zokometsera mawu, ndipo pambuyo pake zoimbira zomwe, zikhale m'kati mwa kompyuta. Lero ntchito imene inkafuna chipinda chodzaza makina ikutheka pa tebulo la pabalaza.

Ntchito ziwiri zosiyana

Musanasankhe pulogalamu, mvetsani kuti pali ntchito ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi kusanja nyimbo, imene m'Chingerezi amati sequencing. Yachiwiri ndi kujambula ndi kukonza mawu enieni.

Kusanja nyimbo kumagwiritsa ntchito MIDI, ndipo MIDI si mawu ayi, koma malangizo. Mphunzitsi akalemba pa bolodi zilembo za d, r, m, f, s, zilembozo sizimveka mpaka ana ataziimba. MIDI ili chimodzimodzi. Imangosunga kuti batani lakuti la kiyibodi ladinidwa nthawi yakuti, mwamphamvu yakuti, ndipo lasiyidwa nthawi yakuti. Liwu lililonse lili ndi nambala yake kuyambira 0 mpaka 127, ndipo C wapakati ndi nambala 60. Chingwe chimodzi chimanyamula misewu 16, kotero kuti zoimbira 16 zitha kulandira malangizo pa nthawi imodzi. Popeza ndi malangizo chabe, mutha kusuntha liwu limodzi lolakwika, kukweza nyimbo yonse kuti ilingane ndi mmero wa woimba, kuifulumizitsa, kapena kuuza kompyuta kuti zimene zimaimbidwa ndi limba ziimbidwe ndi lipenga, popanda kuwononga kanthu.

Kujambula mawu ndi nkhani ina. Apa kompyuta imamvetsera kudzera pa maikolofoni ndi kuyesa mphamvu ya mawuwo kambirimbiri. Pa muyeso wa chimbale cha CD imayesa ka 44,100 pa sekondi iliyonse. Chifukwa chake mphindi imodzi ya nyimbo yotere imadya malo okwana pafupifupi mamegabaiti 10, pamene nyimbo yathunthu ya MIDI sifika ngakhale megabaiti imodzi. Mawu ojambulidwa mutha kuwadula, kuwalumikiza, kuwakweza ndi kuchepetsamo phokoso. Koma ngati mwajambula kwaya yonse ndi maikolofoni imodzi ndipo watena mmodzi wasochera, n'kovuta kwambiri kumchotsa yekhayo.

Mapulogalamu ena amadziwa ntchito imodzi yokha mwa ziwirizi, ena amagwira zonse. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna.

Aliyense ndi khasu lake

Tiyambe ndi mphunzitsi amene akufuna kujambula kwaya ya pasukulu, ndakatulo za ophunzira kapena nthano za agogo a m'mudzi. Ameneyu asavutike ndi mapulogalamu akuluakulu. Audacity ndi yokwanira. Pulogalamuyi adaiyamba ndi Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America mu 1999, idatulutsidwa mu 2000, ndipo ndi yaulere. Imayenda pa Windows, pa makompyuta a Apple ndi pa Linux. Munthu atha kuphunzira kudula ndi kulumikiza mawu madzulo amodzi. Koma dziwani kuti si yosanjira nyimbo. Wofuna kuumba ng'oma ndi besi za MIDI pa Audacity ali ngati wofuna kudula mtengo ndi chikwakwa.

Wachiwiri ndi wotsogolera kwaya amene amapeka nyimbo za mawu anayi. Iyeyu chimene akufuna ndi pulogalamu yolembera nyimbo pa mizere isanu ija, monga MuseScore, imene adaiyamba ndi Werner Schweer wa ku Germany mu 2002 ndipo nayonso ndi yaulere. Ubwino wake ndi wakuti zimene mwalemba imaziimba. Mutha kuzimitsa sopulano, aluto ndi tena kuti anyamata a besi amve gawo lawo lokha, kenaka n'kusindikiza mapepala a kwaya yonse. Amene adazolowera zilembo za d, r, m zokha ayenera kuyamba aphunzira kawerengedwe ka mizere isanu, ndipo pulogalamuyi imathandiza pa phunziro lomwelo chifukwa khutu limatsimikiza zimene diso laona.

Wachitatu ndi wachinyamata woumba zoimbira zonse m'kompyuta momwemo, ng'oma, besi ndi kiyibodi, kuti ena adzaimbirepo. Ambiri otere amathamangira FL Studio ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Idayamba ndi dzina loti FruityLoops chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, yolembedwa ndi Didier Dambrin, ndipo idasintha dzina mu 2003. Nyimbo za gqom za ku Durban ndi za amapiano za m'madera a Johannesburg ndi Pretoria zidakulira kwambiri pa pulogalamu imeneyi, m'zipinda zogona za achinyamata. Wogula kamodzi amalandira mwaulere zokonzedwa zonse zam'tsogolo. Koma pali misampha iwiri. Yongoyesera imakulolani kusunga ntchito yanu koma sikulolani kuitsegulanso mpaka mutalipira. Ndiponso kwa zaka zambiri mtundu wake wotsika mtengo kwambiri sudalole kujambula mawu ndi maikolofoni, choncho funsani kaye musanatulutse ndalama. Wopanda ndalama atha kuyamba ndi LMMS, yaulere, imene kasanjidwe kake kamafanana ndi ka FL Studio, ndipo mawu a woimba n'kukawajambulira pa Audacity. Palinso Ableton Live ya ku Berlin, imene idatuluka mu 2001 ndipo imakondedwa ndi oimba pamaso pa anthu, koma mtengo wake ndi wokwera kwa woyamba kumene.

Wachinayi ndi wa gulu loimba, wofuna kujambula mawu, magitala ndi ng'oma zenizeni, chilichonse pa msewu wakewake, ndi kuwonjezapo kiyibodi ya MIDI. Ameneyu akufuna pulogalamu yogwira ntchito ziwiri zonse zija. Cubase ndi Pro Tools ndi zotchuka m'masitudiyo akuluakulu. Logic ndi GarageBand zimayenda pa makina a Apple okha, choncho wa Windows asatayepo nthawi. Kwa munthu wa thumba lopyapyala ndi kompyuta yakale, yoyenera kuiganizira ndi REAPER ya kampani ya Cockos, imene adaiyamba ndi Justin Frankel, yemwe kale adapanga Winamp. Idatuluka mu 2006. Ndi yaing'ono zedi, kotero kuti kuikoka pa intaneti sikutha bandulo, ndipo imalola munthu kuiyesa yathunthu kwa masiku 60. Mu 2024 chilolezo chake cha munthu wogwiritsa ntchito payekha kapena cha sukulu chidali madola 60 a ku America. Maonekedwe ake sakopa maso, ndipo masiku oyamba imaoneka yovuta, koma ntchito imaigwira.

Yesani mphamvu za makina anu

Pulogalamu yabwino pa kompyuta yofooka imasanduka mtolo. Choyamba onani RAM, ndiko kuti malo amene kompyuta imagwirirapo ntchito ya nthawi yomweyo. Makina a magigabaiti 4 amajambula mawu bwinobwino, koma mukaunjikamo zoimbira zambiri nyimbo imayamba kudukaduka. A magigabaiti 8 amapuma bwino. Ngati makina anu ndi ofooka, sankhani pulogalamu yopepuka ndipo musachite manyazi.

Chachiwiri ndi kuchedwa kwa mawu. Woimba amalankhula pa maikolofoni koma m'mahedifoni amadzimva patapita kanthawi, ndipo kayendedwe ka nyimbo kamasokonekera. Ambiri amaimba mlandu pulogalamu n'kuichotsa, chonsecho vuto lili pa njira imene mawu amalowera m'kompyuta. Pa Windows mankhwala ake ndi dalaivala ya mtundu wa ASIO, ndipo koposa zonse kabokosi kolumikizira maikolofoni ndi gitala ku kompyuta, kamene amati audio interface. Ndikadakhala ndi ndalama zokwanira chinthu chimodzi chokha, ndikadagula kabokosika ndi maikolofoni yabwino, pulogalamu n'kugwiritsa yaulere. Mawu olowa oipa palibe pulogalamu imene ingawasandutse abwino.

Chachitatu ndi magetsi. Onani ngati pulogalamu imene mwasankha imatha kusunga yokha ntchito pakapita mphindi zingapo, ndipo yatsani mbali imeneyo tsiku loyamba lomwelo. Onaninso ngati imafuna intaneti nthawi ndi nthawi kuti itsimikize chilolezo, kapena kulipira mwezi ndi mwezi. Kwa wokhala kumudzi, pulogalamu yogula kamodzi ndi yoyenda popanda intaneti ndiyo ya nzeru.

Nyimbo zathu ndi mizere ya kompyuta

Pali mfundo ina imene otsatsa malonda sangakuuzeni, koma kwa ife ndi yaikulu. Mapulogalamu ambiri mukangowatsegula amakupatsani mizere yogawa nyimbo m'magawo anayi, ndipo gawo lililonse m'tizigawo tinayi, tonse pamodzi 16. Magule athu ambiri sayenda motero. Amayenda pa tizigawo 12, ng'oma ina ikugunda kawiri pamene ina ikugunda katatu pa nthawi yomweyo, monga zimamvekera m'ng'oma za vimbuza. Wachinyamata akaumiriza kamvekedwe kotere pa mizere 16, chimene chimatuluka ndi nyimbo yopunduka imene agogo sangaivine. Choncho musanasankhe pulogalamu, yesani ngati mungasinthe mizere kuti iyende patatupatatu, ndipo phunzirani kachitidwe kake msanga.

Chenjeraninso ndi batani lotchedwa quantize, limene limakokera kugunda kulikonse pa mzere woyandikira. Limathandiza wa manja osazolowera, koma woimba ng'oma waluso amatsogola kapena kutsalira pang'ono mwadala, ndipo kukoma kwa gule kuli pomwepo. Mukawongola zonse, mwachotsa mchere m'ndiwo. Pulogalamu yabwino imakulolani kuwongola pang'ono chabe kapena osawongola konse.

Kachunidwe nako n'kosiyana. Kiyibodi imagawa mtunda wochokera pa d wapansi kufika pa d wapamwamba m'masitepe 12 ofanana, pamene ulimba wa ku Chigwa cha Shire umaugawa m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana. Mukafuna ulimba, bangwe kapena kaligo m'nyimbo yanu, musafunefune chofanana nacho m'kompyuta. Pitani kwa mwini luso ndi maikolofoni, mumjambule monga aimbira, mugwirizane naye za malipiro ndipo dzina lake litchulidwe. Zoimbira zinazo ndizo zitsate iye.

Za mapulogalamu akuba

Mapulogalamu asanu mwa asanu ndi awiri a mnyamata uja adali othyoledwa loko, ndiko kuti akuba. Zaulere zotere zili ngati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kawirikawiri amabwera ndi mavairasi amene amachedwetsa makina kapena kuwononga mafayilo, amazima pakati pa ntchito, ndipo simungawakonzetse kwa eni ake. Palinso nkhani ya chikumbumtima. M'dziko muno muli bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze ntchito za oimba ndi olemba, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la umwini wa ntchito zaluso. Woimba amene mawa adzalira kuti anthu akukopera nyimbo zake popanda kulipira, asayambe ulendo wake ndi kuba thukuta la ena, makamaka pamene mapulogalamu aulere ovomerezeka alipo. Aphunzitsi, musalole zoterezi pa makompyuta a sukulu, pakuti ana amaphunzira zimene aona.

Mapulogalamu nawo amafa

Musaganize kuti pulogalamu imene mwasankha idzakhalapo mpaka kalekale. Pamene kampani ya Apple idagula kampani ya Emagic mu 2002, Logic ya pa Windows idathera pomwepo. Mu 2017 kampani ya Gibson idasiya kukonza SONAR ya Cakewalk, ndipo mwayi udangokhala wakuti a BandLab a ku Singapore adaitola mu 2018. Mu Ogasiti 2024 eni ake a Finale, pulogalamu yolembera nyimbo imene idayamba mu 1988, adalengeza kuti aisiya, ndipo opeka nyimbo ambiri adayamba kusamutsa ntchito zawo za zaka zambiri.

Phunziro lake ndi ili. Fayilo ya pulogalamu imodzi kawirikawiri sitseguka pa pulogalamu ina. Tsono mukamaliza nyimbo, tulutsani msewu uliwonse pawokha m'mtundu wa WAV, zosanja zanu m'mtundu wa MIDI, ndipo zolemba za kwaya m'mtundu wa MusicXML ndi PDF. Mitundu imeneyi imawerengedwa ndi mapulogalamu ambiri. MP3 ndi yotumizira anzanu, si yosungira, chifukwa imataya mbali ina ya mawu kuti fayilo ichepe. Sungani zonsezi malo awiri osiyana. Laputopu imabedwa, imagwa, imanyowa.

Mathero a nkhani ya mnyamata uja

Tsiku limene adabwera lija tidakhala pansi n'kulemba pa pepala zimene amafuna: kuimba yekha ndi gitala, kuwonjezapo besi ndi ng'oma za m'kompyuta, pa laputopu ya magigabaiti 4. Tidachotsa mapulogalamu onse akuba, tidasesa makinawo, ndipo tidaikamo imodzi yokha yogwira ntchito ziwiri zija. Ndidamuuza kuti, "Masiku 60 oyeserawa asathe usadamalize nyimbo imodzi. Mnzako akakuuza za pulogalamu ina, umuyankhe kuti akuonetse kaye nyimbo imene iye wamaliza."

Sabata yatha adabweranso. Nyimbo yake ndi ya mphindi zitatu. Besi ikumveka mopitirira muyeso, ndipo chakumapeto kukumveka tambala wa kwa aneba. Koma ndi nyimbo yathunthu, ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo ng'oma zake zikuyenda patatupatatu monga za kwawo. Tsopano akudziwa chimene chikusowa, ndipo wayamba kusunga ndalama za maganyu kuti agule chilolezo ndi maikolofoni. Ngati adzadyadi za nyimbo, zimenezo zidzaoneka m'tsogolo, pakuti msika wa nyimbo ndi wovuta ndipo pulogalamu siimba yokha. Koma miyezi iwiri pa khasu limodzi yampatsa zimene chaka chathunthu pa makasu asanu ndi awiri chidalephera.

Inu amene mwatsiriza sukulu, lembani ntchito yanu pa pepala musanakoke pulogalamu iliyonse. Inu aphunzitsi, yambani ndi yaulere, mujambule kwaya yanu teremu ino, ndipo ana amve mawu awo. M'gawo lotsatira tidzakamba za kasankhidwe ka maikolofoni ndi kakonzedwe ka chipinda chojambuliramo pogwiritsa ntchito mabulangete ndi mphasa zimene muli nazo kale pakhomo.